Mwamuna wa Pansi pa Chisakasa

Zithunzi za masika zimabwera zotuwa. Anthu ambiri sadziwa zimenezi. Amaona pakalendala minda ya mpunga itasanjikizana m'phiri ngati masitepe, yachikasu chonyezimira, n'kumati koma kumapiri kumeneko n'kokongola. N'kokongoladi, sindikukana. Koma mwezi umene mpunga umacha, m'mawa kumakhala nkhungu, masana kumakhala utsi wa mapesi amene alimi amatentha, ndipo kamera imameza zonsezo. Chithunzi chikamafika pakompyuta yanga chimakhala chosuluka ngati malaya ochapidwa zaka zitatu. Amene amachibwezera utoto ndine.

Ndine Thoa. Ndatha zaka khumi ndi zinayi pampando umodzimodzi, m'chipinda chakumbuyo kwa shopu yathu yotsuka zithunzi ku Nghia Lo, pafupi ndi depoti ya mabasi. Mwamuna wanga Luong, bambo a mwana wathu Hien, amakhala kutsogolo. Amajambula za ziphaso ndi za maukwati, amakhoma mafelemu, ndipo amacheza ndi aliyense wolowa ngati anabadwa naye bere limodzi. Ine kucheza sindikudziwa. Ntchito yanga ndi yoti chowala chiwale kwambiri, chakuda chide kwambiri, ndipo chilichonse chosokoneza diso chichoke: mawaya a magetsi, denga la malata, chidebe cha pulasitiki chimene wina anaiwala m'munda. Mpunga suwala wokha pachithunzi. Umawala ukadetsa zoyandikana nawo, ndiye ndimadetsa mitengo, ndimadetsa zigwa, ndimadetsa pansi pa zisakasa za m'minda, mpaka diso lisowe kwina kopita.

Makasitomala anga a nyengo imeneyi ndi ojambula ochokera ku Hanoi. Wakale kwambiri ndi a Khiem, mkulu wopuma pauphunzitsi, amene amabwera chaka ndi chaka panjinga yamoto yokalamba ngati eni ake, miyendo itatu ya kamera atayimangirira kumsana. Diso ali nalo, pamenepo ndiwapatse ulemu wawo. Koma kompyuta amaiopa ngati ingawalume. Amandipatsa kakhadi ka m'kamera, n'kukhala kumbuyo kwanga ndi kapu ya tiyi, n'kumalamula.

"Onjeza, mwana wanga. Onjezanso. Ndikufuna munthu akaona amve njala."

"Amalume, mpunga wamtundu umenewu kulibe padziko."

"N'chifukwa chake ndimabwera kwa iwe."

Chaka chatha anabweretsa chithunzi chimodzi chimene anachikonda kuposa zonse: minda ya kuseri kwa Tu Le dzuwa likupendeka, akazi awiri atawerama patali mumpunga, ndi chisakasa chamiyendo italiitali kumunsi chakumanzere. Ndinakhala nacho masiku awiri. Tinachitsuka chachikulu, mita imodzi m'lifupi, ndipo kampani ina ya feteleza inachitenga n'kuchiika pakalendala ya chaka chino, mwezi wa Okutobala. Luong anakhoma tsamba limenelo pakhoma la shopu, ndipo ankalilozera aliyense, ngakhale wobwera kudzafunsa njira.

Mayi uja anafika Lachiwiri m'mawa, Luong akusesa pakhonde. Anali wochepa thupi, wazaka makumi atatu ndi zingapo, atavala siketi yakuda yaitali ya akazi a Chithai, mtundu wina wa anthu a m'mapiri muno. Akazi amenewa akakwatiwa amamanga tsitsi mfundo pamwamba penipeni pa mutu. Lake linali litatsitsidwa kunkhongo, ndipo ife akuno timadziwa kuti zimenezi amachita amasiye. M'manja anali ndi kansungwi kakafupi, ndipo mkati mwake anasololamo tsamba la kalendala lopindapinda.

"Akuti munatsuka ndinu chimenechi," anauza Luong. "Dzina la shopu lili pansipa."

Mwamuna wangayo, poti tsitsi la akazi sayang'ana, anamwetulira mano onse.

"Ndife amene! Mwachiona kukongola kwake? Anakonza ndi akazi anga. Mayi a Hien, tatulukani, kwabwera okuyamikirani!"

Ndinatuluka. Mayiyo anayala tsambalo pagalasi la kauntala, n'kulipanikiza ndi chigongono kuti lisapindikenso, kenako anaika chala pamdima wa pansi pa chisakasa.

"Apa pali amuna anga."

Ndinayang'ana. Panali pakuda bii, monga ndinapasiyira.

"Palibe munthu apa, achemwali."

"Alipo. Ndinali pompo. Wowerama wakumanjayu ndine."

Anati dzina lake ndi Pieng, ndipo amuna ake anali a Panh. Mundawo unali wawo. Anafotokoza mosathamanga, mawu ali pansi, ngati munthu amene wafotokoza kale nkhani yomweyo m'maofesi ambiri. Tsiku limenelo ankakolola. Kunabwera mkulu wina wa kamera, n'kuimika miyendo yake itatu pamsewu, n'kuyamba kukuwa kuti bambo wa malaya ofiirayo achoke. A Panh anali atavala jezi ya mpira, yofiira, ya nambala kumsana. Ojambula athuwa akafika kumudzi amafuna anthu ovala zachikale, jezi imawaonongera chithunzi.

"Amuna anga anati, munda ndi wanga, ndichoke ndilowere kuti? Mkuluyo anatsika n'kuwapatsa ndudu. Ndiye anapita kukakhala pansi pa chisakasapo, pamthunzi, koma anakhala moyang'ana kamerayo. Mwadala. Anali amakani."

Masabata asanu apitawo, mvula itagwa masiku asanu ndi limodzi osakata, phiri la pamwamba pa mudzi wawo linagumuka masanasana. Linakwirira nyumba zinayi. Pieng anali kumsika, kukagulitsa mpunga wauwisi wosinja. A Panh anali m'nyumba. Asilikali anakumba masiku asanu ndi anayi, anapeza ena, iwo sanawapeze. Zithunzi za ukwati, chiphaso, zonse zinapita ndi matope omwewo.

"Sabata la mawa Lachisanu tikuchita mwambo wowaitanira m'nyumba, akakhale pamodzi ndi makolo," anatero. "Anzawo amene anafa nawo onse ali ndi zithunzi, achibale a kutauni anali nazo m'mafoni. Amuna anga kamera ankaithawa. Kuofesi kuli cha chiphaso chimene anajambulitsa ali ndi zaka khumi ndi zisanu. Ndinapita kukachiona. Ndi kamnyamata, sindikukadziwa n'komwe. Manda alibe, achemwali. Ndimati nkhope yokhayo ikhalepo."

Kalendalayo anaiona m'sitolo ya feteleza, mwini wake atangotembenuza tsamba la mwezi watsopano. Anazindikira chisakasa chawo, n'kupempha tsambalo.

Pamene ankalankhula ndinakumbukira kufiirako. Sindinakumbukire munthu, ndinakumbukira kufiira kumene kunkakoka diso kuchoka pampunga, ndi mawu a Khiem kumbuyo kwanga akuti, "Chotsa chimenecho." Ndinene zoona, ndinachita mantha. Koma nkhope yanga siisonyeza zinthu, ndiye ndinangoti alowe kumbuyo akhale pampando wa a Khiem, tione.

Ndinatsegula chithunzicho. Mdima wa pachithunzi uli pawiri. Ulipo wongophimba, umene ukakoka kamzere ka kuwala umayera, zinthu n'kutuluka: mitengo, madengu, nkhuku. Ulipo wina wopaka, umene pansi pake palibenso kanthu. Ndinakoka kamzereko mpaka kumapeto. Mpunga unayera mbee, akazi awiri aja anasungunuka, thambo linasowa. Pansi pa chisakasa panangotuluka timadontho totuwa ngati mchenga. Ndinkadziwa kale kuti zikhala choncho, chifukwa ndinkakumbukira zimene ndinachita. Ndinayamba ndachotsa kufiirako, kenako ndinapaka mdima kanayi, kenako ndinamata zonse pamodzi kuti chithunzi chipepuke potumiza kwa a kalendala. Ndimagwira ntchito yaukhondo, sindisiya zotsalira.

Pieng anasendeza mpando, nkhope yake pafupi ndi sikirini.

"Akubwera?"

"Ayi. Apa sabwera."

Luong anali ataima pakhomo ndi tsache lake. Anali atamva zonse tsopano, ndipo kumwetulira kuja kunali kutatha.

"Tsegulani choyambacho, mayi a Hien. Chosakonzacho."

"Choyamba chiti?"

"Chimene anabwera nacho a Khiem."

"Munafufuta ndinu, bambo a Hien. Chaka chatsopano chitangodutsa, mmene mumafuna malo a ukwati wa mwana wa dokotala wa mano uja."

"Koma ndinakufunsani!"

"Munandifunsa ndili ndi mpunga m'kamwa, ndinagwedeza mutu. Nanga si timatero chaka chilichonse?"

Timaterodi. Kompyuta yathu ndi yakale, malo ake ndi ochepa. Timasunga zomalizidwa zokha, chifukwa zosakonza ndi za mwini kamera, iye ndiye amasunga. Umu ndi mmene takhala tikuchitira chitsegulire shopu, ndipo palibe anadandaulapo.

Ndinaimbira a Khiem. Anali kumapiri ena, kumpoto, mphepo ikuwomba m'foni.

"Amalume, chithunzi cha pakalendala chija. Chosakonza chake muli nacho?"

"Ine? Khadi ndili nalo limodzi, mwana wanga, ndi limene lili m'kameramu. Ndikangochoka kwa iwe ndimafufuta zonse, ndiyambe zina. Si iwe wosunga?"

"Ife timati osunga ndinu."

"Zaka zonsezi?"

"Zaka zonsezi."

Anaseka kaye, poganiza kuti ndi nkhani yoseketsa. Ndinawauza chifukwa chake.

"Wa malaya ofiira uja," anatero kenako. "Pomaliza anandipatsa madzi akumwa. Ha! Ndiimbira a kalendala, mwina ali ndi china."

Analibe. Tinawatumizira ndife, ndipo tinawatumizira chomalizidwa.

Luong ndi munthu woti sakhala ndi vuto osalipezera njira, ngakhale njira yopusa. Anakhala pansi n'kuthirira Pieng tiyi.

"Mlongo wanga, musade nkhawa, zoterezi timazichita kawirikawiri. Amuna anu ali ndi mchimwene wawo wofanana nawo? Mubwere naye. Ndimujambula, akazi angawa akonza mphuno, akonza masaya monga muwauzire, timuveka jekete ndi tayi. Palibe adzadziwe."

"Mng'ono wawo alipo, amafanana ndithu," anayankha Pieng. "Koma ali moyo. Nkhope ya munthu wamoyo ndikaiike pakati pa akufa, tizikaifukizira lubani? Mukufuna mkazi wake naye atsitse tsitsi?"

Luong anakanda kumutu. Zimenezo ankazidziwa bwino, anangoiwala chifukwa chofuna kuthandiza.

Pieng anapinda tsamba lake n'kulibwezera m'nsungwi. Sanalire, sanakalipe. Anati abweranso Lachisanu, poti ndi tsiku limene amatsika kudzagula zinthu za mwambo, mwina tikhala titaganiza china. Ndinamuuza kuti asayembekeze zambiri. Anati palibenso kwina kumene akuyembekeza.

Atachoka ndinabwerera pantchito, chifukwa masika sadikira. Panali zithunzi makumi anayi za gulu lina la ojambula achinyamata, zonse za phiri limodzi, zonse zotuwa. Ndinazikonza. Ndinachotsa mawaya, ndinachotsa mayi wina wa ambulera ya maluwa, ndinadetsa zigwa. Luong ankangoyendayenda m'shopu, kukhoma msomali umodzi kawiri, kulowa kumbuyo, kutuluka.

"Mukutha bwanji kugwira ntchito?" anandifunsa Lachitatu masana.

"Ndi manja."

"Mtima mulibe inu."

"Ndikalira chithunzi chibwera? Tachokani apo, mukunditchinga kuwala."

Anachoka akung'ung'udza. Sindinamuuze kuti kawiri konse ndinatsegulanso chithunzi chija n'kukoka kamzere kaja, ngati kuti mchenga uja ungasinthe maganizo.

Lachinayi m'mawa ndinkakonzekera kutsuka chithunzi chachikulu cha mmodzi wa achinyamata aja. Chithunzi chachikulu sitichitsuka chonse nthawi imodzi, pepala lake ndi lodula. Timayamba tatsuka kachidutswa kopyapyala, ka zala zinayi m'lifupi, kodutsa pakati pa chithunzi, kuti tione ngati chikasu cha pasikirini chikugwirizana ndi cha papepala. Chikasu n'chovuta, chimakonda kuthawira kobiriwira. Ndiye ndimayesa utoto wa mpunga poyamba, ndisanayambe zochotsachotsa ndi zopakapaka. Nditagwira kachidutswako m'manja, kakadali kofunda, ndinaima.

"Bambo a Hien! Zidutswa zoyesera zija mumaziika kuti?"

"M'katoni ya pansi pa masitepe. Ndimakutira nazo makona a mafelemu. Bwanji?"

"Za chaka chatha zilimo?"

Anandiyang'ana, kenako anaponya hamala pansi. Anatseka chitseko cha shopu m'mawa womwewo, chinthu chimene sanachitepo ngakhale tsiku limene mwana wathu Hien ankalemba mayeso. Tinakhuthula katoniyo pasimenti. Munali zidutswa mazanamazana, zonse zachikasu, zonse za minda ya m'mapiri, za zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi. Mwayi wake ndimalemba dzina ndi pensulo kumbuyo kwa chilichonse. Tinakhala pansi miyendo itatambasulidwa, n'kumatembenuza chimodzichimodzi.

"Khiem, koma cha chaka china. Khiem, cha mtsinje. Mkulu ameneyu watidyera mapepala angati?"

"Tembenuzani, musalankhule."

"Mwina ndinakutira nacho felemu ya agogo a ku banki aja. Ndipite ndikaipemphe?"

"Mukatero mukapemphe mafelemu a tauni yonse."

Dzuwa litapendeka tinapeza zitatu, zolembedwa Khiem 1, Khiem 2, Khiem 3, ndi tsiku lake. Choyamba chinali cha thambo ndi msana wa phiri. Chachiwiri chinali cha pakati, akazi awiri aja alimo. Chachitatu chinali cha kumunsi, ndipo ndinachigwira chotembenuza kanthawi ndithu ndisanachiyang'ane.

Chinadutsa pachisakasa. Panali nsanamira ziwiri, dengu, ndi chikwakwa chitatsamira dengulo. Panali mwendo wa munthu kuyambira pabondo kutsika, buluku litapindidwa, phazi litatulukira padzuwa mu patapata yabuluu. Pabondopo panali dzanja, ndudu ili pakati pa zala. Pamwamba penipeni pa chidutswacho panali kamzere kofiira, m'munsi mwa jezi. Pamenepo pepala linathera.

Luong anaika zala zake ziwiri pamwamba pa pepalalo, pamene pakanakhala chifuwa, kenako zina ziwiri pamene pakanakhala nkhope.

"Zala zinayi basi," anatero. "Mukanangokweza pang'ono."

"Ndinkayesa mpunga. Mpunga wakupsa bwino unali kumunsi."

Zonse zinkaoneka bwino kwambiri, n'zimene zinandipweteka. Kamera ya a Khiem ndi yabwino, ndipo chisakasacho chinali pafupi. Mitsempha ya padzanja inkaoneka, matope ouma pamsongolo ankaoneka. Nkhope ikanakhalapo ikanakwana bwinobwino felemu ya paguwa la makolo, yosafuna n'kukonza komwe. Tinapitiriza kutembenuza zidutswa zotsala mpaka katoni inatha, koma chachinayi panalibe, ndipo ndinkadziwa kuti sindinatsukepo chachinayi.

"Tingamuonetse zimenezi?" anafunsa Luong.

"Nanga tili ndi china?"

Pieng anafika Lachisanu chakumasana, atanyamula thumba la lubani, mapepala ofiira ndi botolo la mowa wa mpunga. Anaika katunduyo pansi pa kauntala. Ndinamuuza mosazungulira kuti nkhope sitinaipeze ndipo sitidzaipeza, kuti cholakwa ndi changa, ndiponso kuti chimene tapeza ndi ichi. Ndinayala chidutswacho pagalasi.

Anawerama. Sanachikhudze. Anayambira kumanzere, pansanamira, padengu, n'kumapita pang'onopang'ono mpaka anafika paphazi. Anakhala pamenepo nthawi yaitali, basi ziwiri zinatuluka m'depoti iye akadali chiweramire.

"Chikhadabo ichi," anatero. "Inawaponda njati yolimira, sichinamerenso bwino."

Kenako anaseka. Kuseka kwenikweni, kwakufupi, kotulukira m'mphuno.

"Patapata izi n'zanga! Ndinazifunafuna m'mawa wonse tsiku limenelo, mpaka ndinapita kumunda chopanda nsapato. Anandiuza kuti mwina watenga galu. Taonani chidendene chikulendewera kunja. Bambo amenewa!"

Luong anaseka naye, maso ali ndi misozi, n'kupita kukafunafuna kanthu m'dilowa momwe munalibe kanthu. Ine ndinangoima.

"Mungachikulitse?" anafunsa Pieng. "Apa pokha, kuyambira padzanja kufika paphazi."

"Ndingathe. Koma ndi chotuwa, sindinachikonze. Palinso pokalika apa, chinali m'katoni chaka chathunthu. Ndikhoza kuyeretsa pang'ono."

"Ayi. Mmene chililimu."

Ndinachijambula pamakina n'kuchikulitsa mmene chinalili. Chinatuluka chotuwa, mpunga wa kumbuyo uli wosuluka, kukalika kuja kukudutsa pabondo. Chikanakhala cha kasitomala wina sindikanalola kuti chituluke pakhomo la shopu yathu. Luong anasankha felemu yakuda ya mtengo wabwino, n'kuyamba kudula galasi. Pieng anakhala pampando wa a Khiem kumbuyo kwanga, manja ali pamiyendo, akuyang'ana kompyuta imene inali itabwerera paphiri la achinyamata aja.

"Achemwali," anatero, "amuna anu anati chithunzi chija munakhala nacho masiku awiri."

"Eya."

"Ndiye munawaona."

Anasendeza mpando pafupi nane.

"Ine ndinali patali, dzuwa linali m'maso. Madzulo ake ndinawafunsa kuti bwanji munalola kuthamangitsidwa m'munda mwanu momwe, sanafune kunena, anangoti ndiwapatse chakudya. Mpaka lero sindikudziwa ngati zinawapweteka kapena ankangochita nthabwala zawo zija. Inu munawaona pafupi. Ankaseka, kapena anakwiya?"

Luong anali ataima pakhomo kumbuyo kwake, felemu ili m'manja. Ankandigwedezera mutu, milomo ikunena popanda mawu kuti ankaseka, nenani kuti ankaseka. Ndipo kunali kosavuta. Ndakhala zaka khumi ndi zinayi ndikupatsa anthu thambo limene kunalibe ndi mpunga umene sanauone, ndipo amapita akuthokoza. Ndinayesa kukumbukira, ndinayesetsa ndithu. Ndinaona sikirini ya tsiku limenelo, tiyi wa a Khiem akufuka nthunzi, dzanja langa likuzungulira m'mbali mwa phewa, kukwera pakolala, kutsika pamkono. Kolalayo inali ndi kamzere koyera. Pamwamba pa kolala panalibe chilichonse m'mutu mwanga.

"Sindikudziwa," ndinatero. "Ndinawakulitsa mpaka anadzaza sikirini yonseyi, kuti ndione polekezera malaya. Ndinkayang'ana malayawo."

Manyazi amene ndinamva pamenepo sindinawamvepo chibadwire. Ndinkafuna andikalipire, anditukwane m'chinenero chawo, aphwanye kapu. Pieng anangondiyang'ana, osati mokwiya, koma monga umayang'anira munthu wodwala matenda amene sukuwadziwa dzina.

"Masiku awiri," anatero.

"Masiku awiri."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kuimirira, n'kukonza siketi yake.

Luong anamaliza felemu. Anatenga kariboni kakuda m'dilowa, kenako anazengereza, akuyang'ana chithunzicho, akuyang'ana Pieng.

"Ndimange?"

"Mangani. Nanga si ndi iwowo."

Anamanga kariboniko pakona yakumwamba, monga timachitira ndi zithunzi zonse za omwalira. Anafuna kuchikulunga m'nyuzipepala, koma Pieng anakana. Anakoleka thumba lake la lubani paphewa, n'kunyamula felemuyo ndi manja awiri pachifuwa, chithunzi chikuyang'ana kutsogolo, monga amanyamulira nkhope ya malemu. Tinamuperekeza mpaka pakhonde. Panjira ya kudepoti anthu ankati akaona kariboni kakudako n'kupatuka, ena n'kuvula zipewa, kenako ankayang'ana m'felemumo kuti aone wamwalira ndani. Ankapeza phazi la mwamuna mu patapata ya mkazi, n'kutembenuka kumuyang'ananso kumsana. Iye sanatembenuke, anakwera basi ya ku Tu Le n'kukhala pawindo, felemu ili pamiyendo.